Nyali Yofiira Ikayaka: Zimene Vani Yakale Imauza Mwini Wake

Aliyense wolima ndiwo zamasamba kufupi ndi Lusaka amadziwa kuti msika wa Soweto sudikira munthu. Kunja kusanache, magalimoto ochokera ku Chongwe, Chibombo, Mumbwa ndi Kafue amakhala atafika kale, ndipo amayi ooda a ku Kanyama, Chawama, Matero ndi George amakhala akuzungulira mabokosi a matimati ndi mitolo ya repu. Mlimi wofika dzuwa litakwera amagulitsa pa mtengo umene ogula anena, osati umene iye ankafuna. Ambiri mwa magalimoto amenewa ndi mavani akale: Toyota Hilux, Isuzu KB, Nissan Hardbody ndi anzawo, ena mwa iwo aakulu msinkhu kuposa anyamata owayendetsa. Thukuta la miyezi itatu ya kudimba limakwera pa vani yotere usiku umodzi.

Mmodzi mwa alimi amene anaphunzira pano anatifotokozera zimene zinamugwera m'dzinja lina. Vani yake inkagona ku Mtendere kwa mwana wa mlongo wake, amene masana ankachitira maganyu onyamula njerwa za simenti ku Kalingalinga ndi matabwa ku Buseko, ndipo kawiri pa sabata ankapita kumunda kukatenga matimati. Tsiku lina nyali ya oilo inayamba kuphethira. Makanika wa m'komboni anaiona nati vuto ndi swichi chabe, injini ili bwino. Ananena zoona. Koma m'malo mogula swichi ina, mnyamata uja anamata tepi yakuda pa nyaliyo kuti isamamuthobwe m'maso usiku.

Patapita milungu ingapo, vaniyo inalowa m'dzenje lobisika pansi pa madzi a mvula ku Kanyama, mwala n'kung'amba pang'ono sampu, chiwaya chosunga oilo kunsi kwa injini. Oilo anadontha usiku wonse. M'bandakucha, ali mu msewu wa Great East atasenza matimati, injini inayamba kugogoda, kenako inangoti zii.

"Kodi nyali sinayake?" anafunsa mwini vani atafika pamalopo.

"Amalume, mwina inayaka," anayankha mnyamatayo atazolika. "Tepi ija ndinali ndisanachotse."

Matimati anafika ku Soweto masana pa galimoto ya hayala, ndipo ndalama zokonzera injini zinadya phindu la nyengo yonse. Swichi imene sinagulidwe ija ndi kachipangizo kochepa ngati chala chachikulu, kotsika mtengo kuposa botolo la oilo.

Nkhani ino ndi ya nyali ndi mageji a pa dashibodi: zimene chilichonse chimanena, pamene chikunena zoona, ndi pamene chikunama. Phunziro lalikulu ndi limodzi. Nyali yoyaka imavutitsa mtima, koma nyali imene siingathenso kuyaka ndiyo imapha injini.

Masekondi asanu musanalize injini

Mukapotokola kiyi kufika pa ON, injini isanalire, nyali zochenjeza zimayenera kuyaka zonse: ya oilo, ya batire, ya mabuleki, ndiponso pa vani ya dizilo ya kawaya kopotana ndi ya fyuluta ya mafuta. Opanga magalimoto anakonza choncho dala kuti woyendetsa aone ngati mababu ali moyo. Injini ikalira, nyalizo zizime m'kanthawi kochepa, ndipo ya mabuleki izime mukatsitsa handibuleki.

Ziwerengeni nyali zimenezi m'mawa uliwonse monga mmene mumawerengera mbuzi potsekula khola. Ikasowa imodzi, babu lapsa, waya waduka, kapena wina analichotsa dala. Chitani chimodzimodzi pogula vani yogwirapo kale ntchito kapena pobwereka ya mnzanu yonyamulira zokolola. Wogulitsa wosakhulupirika amatha kuzula babu kuti abise matenda a injini, ndipo dashibodi yamdima imaoneka ngati ya galimoto yathanzi.

Mtundu wa kuwala nawo uli ndi tanthauzo. Nyali yofiira ikuti imani. Yachikasu ikuti konzani posachedwa. Yobiriwira kapena yabuluu ikungokudziwitsani kuti chinachake chikugwira ntchito, monga ma indiketa kapena nyali zazikulu zoonera patali.

Nyali ya oilo

Chizindikiro chake chimafanana ndi kaketulo kodontha. Ambiri amaganiza kuti imayeza kuchuluka kwa oilo, koma ayi. Imayeza mphamvu imene pampu ikukankhira oilo kupita ku zitsulo zozungulira m'kati mwa injini. Swichi yake imayatsa nyali mphamvuyo ikatsikiratu, ndiye kuti nyali ikayaka muli pa liwiro, zitsulo zayamba kale kukhulana zouma. Apa nthawi imawerengedwa m'masekondi. Musanene kuti ndikafike kaye pa filing'i sitesheni.

Patukani, zimitsani injini, dikirani mphindi zisanu pamalo osapendekeka, ndipo solola kandodo koyezera oilo, mukapukute, mukabwezere ndi kukasololanso. Oilo akhale pakati pa zizindikiro ziwiri. Suzumirani kunsi kwa vani ngati pali podontha. Ngati oilo wachepa ndipo palibe pong'ambika, onjezerani, lizani injini, muone ngati nyali yazima. Ngati oilo ndi wokwanira koma nyali ikuyakabe, musayendetse. Kukokedwa ndi chingwe n'kotchipa kuposa kirankishafuti.

Kaphethiridwe ka nyaliyi kamanenanso zambiri. Ikamaphethira pokhota kapena pomanga mabuleki, oilo wachepa ndipo akuthawira mbali imodzi ya sampu. Ikamaphethira injini itatentha, vani itaima pa maloboti, n'kuzima mukaponda mafuta, mwina mabeyaring'i atha, kapena oilo wapyapyala chifukwa wakhalitsa kapena wasakanikirana ndi dizilo. Swichi nayo imafa, ndipo waya wake ukakhudza chitsulo nyali imayaka nthawi zonse, pamene ukachoka pamalo pake nyali siiyakanso konse. Njira yodziwira zoona ndi imodzi: makanika achotse swichi, amangepo geji yoyezera mphamvu ya oilo, muone nambala ndi maso anu. Makanika wonena kuti "ndi swichi chabe" asanayeze akungolota.

Mukaona oilo atasanduka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa m'injini, kaya chifukwa gasiketi yapsa kapena vani inawoloka madzi akuya. Oilo wotero satetezanso kanthu.

Geji ya kutentha

Muvi wa geji iyi umayenda pakati pa C ndi H. Vani iliyonse ili ndi malo ake pamene muvi umakhazikika injini ikatentha bwino, kawirikawiri chapakati kapena kumunsi pang'ono. Dziwani malo a vani yanu. Muvi ukayamba kudutsa pamalopo tsiku ndi tsiku, vuto layamba ngakhale usanafike pofiira.

Kuno kwathu pali zifukwa zapadera zotenthetsa injini. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yaikulu, ndipo pamalo okwera chotere madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96, osati 100. Chimene chimaletsa madzi a m'injini kuwira ndi chitsekerero cha radiyeta, chimene chimapanikiza madziwo kuti athe kupitirira madigiri 110 osawira. Chitsekerero chotha labala, kapena chansanza chomangidwa ndi pulasitiki, chimachotsa chitetezo chimenechi.

Chachiwiri ndi madzi enieniwo. Mzinda uno unamangidwa pa miyala ya laimu, ndipo madzi a m'zitsime ndi m'mijigo yambiri amasiya zoyera zouma m'ketulo. Zimene mumaona m'ketulo ndi zomwe zimachitika m'timipope ta radiyeta. Gwiritsani ntchito kulanti wosakaniza monga mwalembedwera pa botolo, chifukwa amatetezanso ku dzimbiri. Chachitatu ndi ntchito ya kumunda: njere za udzu, mankhusu ndi matope zimatseka maso a radiyeta kutsogolo. Onjezanipo katundu wopitirira muyeso ndi dzuwa la mu Okutobala, muvi sungalephere kukwera.

Muvi ukakwera koma nthunzi palibe, patukani, siyani injini ikulira pang'onopang'ono, ndipo tsegulani hita mpaka kumapeto kuti ichotseko kutentha. Mukaona nthunzi, madzi akuchucha, kapena lamba waduka, zimitsani nthawi yomweyo. Musatsegule chitsekerero injini ili yotentha, chifukwa madzi amafwamphuka n'kuwotcha nkhope ndi manja. Dikirani theka la ola kapena kuposerapo. Musathire madzi ozizira m'injini yotentha kwambiri, pakuti mutu wa injini umatha kung'aluka.

Pali msampha umodzi woyenera kuudziwa. Kachipangizo kotumiza uthenga ku geji kamayeza kutentha kwa madzi okakhudza. Madzi akatheratu, kamatsala mu mpweya, ndipo muvi umatha kutsika ngati zinthu zili bwino pamene injini ikupsa. Muvi ukakwera kwambiri kenako n'kugwa wokha, musasangalale. Imani.

Amakanika ena amachotsa thermostat ponena kuti Zambia ndi dziko lotentha. Kutero n'kubisa matenda. Injini yopanda thermostat imachedwa kutentha m'mawa wa mu Juni ndi Julayi, imamwa mafuta ambiri ndiponso imatha msanga, pamene chimene chinkaitenthetsa chija, kaya ndi radiyeta yotsekeka kapena fani yofooka, chikadalipo.

Nyali ya batire

Dzina lake limasocheretsa. Nyali iyi ikayaka injini ikulira, kawirikawiri batire ilibe mlandu. Ikunena kuti alternator yasiya kupereka magetsi. Choyamba kuona ndi lamba. Pa injini zambiri zakale lamba yemweyo amazungulitsanso pampu ya madzi, choncho akaduka muvi wa kutentha umatsatira posachedwa. Komanso pa mavani ambiri akale a dizilo, kuseri kwa alternator kuli pampu yothandiza mabuleki. Lamba akaduka, mukaponda kangapo pedulo imauma gwa ngati mwala, ndipo vani yosenza matumba siima pamene mukufuna. Nyali ya batire ikayaka, chepetsani liwiro ndi kuima kuti muone lamba.

Ngati lamba ali bwino ndipo ndi wokungika, vani yakale ya dizilo imatha kuyendabe kamtunda masana, popeza injini yake ikalira imafuna magetsi ochepa. Zimitsani wailesi ndi fani ya m'kati, ndipo musazimitse injini mpaka mutafika pa garaja. Usiku nyali zazikulu zimamaliza batire mofulumira.

Kachida kotchedwa multimeter kamathetsa mikangano yambiri. Batire yodzaza, injini itazima, imaonetsa pafupifupi mavoti 12.6. Injini ikulira, nambala ikwere kufika pakati pa 13.8 ndi 14.4 kapena chapomwepo. Ikakhala pa 12, alternator sikutchaja. Ikapitirira 15, ikutchaja mopitirira muyeso ndipo idzawiritsa batire ndi kupsereza mababu. Ufa woyera kapena wobiriwira pa mitu ya batire utsukeni ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda, ndipo mangani zolimba.

Eni Hilux zakale adziwenso ichi: alternator ikafa, nyali ya batire, ya mabuleki ndi ya fyuluta zimatha kuyakira pamodzi. Si matenda atatu, ndi amodzi. Ndiponso pa magalimoto ena akale, magetsi oyambitsa alternator amadzera m'babu la nyali yomweyi, kotero wolichotsa kuti lisamuvutitse amapeza batire ikugwa tsiku lililonse.

Mabuleki, dizilo ndi lamba wa m'kati

Nyali yofiira ya chizindikiro chofuula m'kati mwa mkombero imayaka handibuleki ikakhala yokoka. Ikayakabe mutaitsitsa, onani mafuta a mabuleki m'kabotolo kake. Amatsika pang'onopang'ono mapadi akamatha, koma akatsika msanga pali podontha. Yang'anani kuseri kwa mawilo ngati kwanyowa. Pedulo ikamamira mpaka pansi, vani isachoke pamalopo. M'misewu ya m'komboni, momwe ana amathamangira mpira pakati pa magalimoto ndi mawilibala, nkhani ya mabuleki si ya mwini vani yekha.

Nyali ya fyuluta ya dizilo imanena kuti madzi asonkhana kunsi kwa fyulutayo. Alimi osunga dizilo m'migolo ndi m'zigubu amakumana nazo kawirikawiri, makamaka nthawi ya mvula. Masulani kabomba kali kunsi kwa fyuluta, popani ndi dzanja pampu ili pamwamba mpaka atuluke dizilo woyera, ndipo mangani. Ntchito ya mphindi zochepa imeneyi imateteza pampu ya dizilo ndi ma injekita, zimene kukonza kwake kumalira ndalama zambiri.

Nyali ya kawaya kopotana ndi ya mahita a dizilo. Dikirani izime musanalize injini, makamaka m'nyengo yozizira. Vani ikamavuta kulira m'mawa ndi kutulutsa utsi woyera, hita imodzi kapena zingapo zapsa, ndipo kupitiriza kukakamiza kumapha batire ndi sitata.

Pa Hilux za dizilo palinso nyali yolembedwa T-BELT. Imeneyi siiona lamba wa m'kati mwa injini, imangowerenga mtunda, ndipo pa injini zambiri zakale imayaka pa makilomita 100,000. Munthu amatha kuizimitsa popanda kusintha lambayo. Mukagula vani ndipo palibe umboni wa tsiku limene lamba anasinthidwa, musintheni. Akaduka injini ikulira, mapisitoni amamenya mavalavu. Injini zina, monga TD27 ya Nissan, zimagwiritsa ntchito magiya m'malo mwa lamba, choncho funsani kuti yanu ndi yotani.

Mavani atsopanoko ali ndi nyali yachikasu yooneka ngati injini. Kuyambira 1996 ku America, ndipo pambuyo pake ku Ulaya ndi kwina, magalimoto anayamba kukhala ndi polumikizira kompyuta yowerenga zolakwika. Amakanika ambiri mu Lusaka ali ndi makina amenewa. Funsani kuti nambala yatulukayo ikutanthauza chiyani ndipo muilembe. Kufufuta nambala kumazimitsa nyali, koma sikukonza galimoto.

Pamene geji ikunama

Vani ya zaka makumi awiri kapena atatu imakhala ndi mawaya okalamba, olumikizidwa ndi manja ambiri. Matenda ofala kwambiri ndi waya wa efi, wolumikiza batire ku bodi ndi ku injini. Akachita dzimbiri kapena kukhwepa, magetsi amafuna njira zina ndipo mageji amasokonezeka. Chizindikiro chake n'chosavuta: muvi wa kutentha ukamakwera nthawi yomwe mwayatsa nyali zazikulu, n'kutsika mukazimitsa, injini siinatenthe m'sekondi imodzi. Masulani waya wa efi, palani mpaka chitsulo chiwale, mangani.

Geji ya mafuta ndi ya kutentha zikanamira pamodzi, funani chinthu chimene zimagawana: fyuzi, efi ya dashibodi, kapena kachipangizo kowongolera magetsi kuseri kwa mageji. Ikanama imodzi yokha, yambirani ku waya wake ndi ku kachipangizo kake kotumiza uthenga. Geji ya mafuta imadalira kachitsulo koyandama m'thanki, ndipo mabampu a misewu ya fumbi amakathera msanga. Podikira kukonza, lembani m'kabuku malita amene mwathira ndi makilomita a tsikulo.

Madera ngati Kanyama ndi mbali zina za Chawama ndi George ndi athyathyathya, thanthwe lili pafupi, ndipo madzi a mvula amakhalitsa m'misewu. Vani ikawoloka madzi otero, chinyezi chimalowa molumikizira mawaya ndipo nyali zimayaka mwachisawawa. Zikauma zimatha kusiya, koma yambani mwaona oilo ndi kunsi kwa vani musananene kuti ndi madzi chabe. Kumunda mdani ndi khoswe. Vani yogona pafupi ndi nkhokwe kapena matumba a chimanga imasanduka chisa, ndipo makoswe amatafuna mawaya. Fyuzi ikapsa, ikani ina ya nambala yomweyo. Ikapsanso, pali waya wokhudza chitsulo. Kuikapo waya wamba kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya n'kuitana moto.

Lamulo lake ndi ili: geji ingathe kunama, koma ikhulupirireni mpaka mutapeza umboni wakuti yanama. Mukaupeza, ikonzeni sabata yomweyo, chifukwa geji imene mwazolowera kuinyalanyaza idzanena zoona tsiku lina inu osamva.

Mawu kwa eni mavani

Mavani ambiri a alimi sayendetsedwa ndi eni ake. Amayendetsa ndi mwana, mphwake wa munthu, kapena dalaivala wolembedwa ntchito amene amayenera kubweza ndalama yakutiyakuti madzulo. Mnyamata wotere nyali ikayaka amayamba waganiza za nkhope ya bwana wake ndi za msika umene ukutha, ndipo amapitiriza ulendo akupemphera chamumtima. Mwini vani amuuze momveka, vuto lisanagwe, kuti kuima chifukwa cha nyali yofiira si mlandu, ndipo kubisa ndiwo mlandu. Amupatsenso njira: foni yokhala ndi mayunitsi, lita ya oilo, chigubu cha madzi, lamba wapadera, mafyuzi, tochi ndi masipanala oyenera. M'kabuku ka vani mulembedwe tsiku losintha oilo, mafyuluta ndi lamba, ndiponso nyali iliyonse imene inayaka ndi zimene zinachitidwa.

Mlimi uja anakonzetsa injini yake, ndipo vani inabwerera pa msewu patapita miyezi iwiri. Mnyamata sanachotsedwe ntchito. Amalume ake anati mlandu unali wa onse awiri, popeza iwonso anaiona tepi ija kangapo osafunsa. Masiku ano, asananyamuke kumunda usiku, mnyamatayo amapotokola kiyi, n'kuwerenga nyali mokweza mawu, amalume ake ataima pa windo ndi tochi. Zikakwana, amaliza injini, amadikira zizime zonse, ndipo matimati amanyamuka ulendo wa ku Soweto.